Akakufunsani Kuti, "Kodi Anagwapo?"

Anzanga acinyamata, ambiri a inu tsiku lina mudzatumidwa kuperekeza wodwala ku cipatala cacikulu. Sadzakusankhani cifukwa cakuti muposa akulu nzeru ai, koma cifukwa munapitako ku sukulu, mutha kuwerenga zolembedwa pa zitseko, ndipo Cizungu ca adotolo sicikunjenjemeretsani. Kwathu kuno ku Chadiza ndimo zimakhalira. Kalata ikangolembedwa yakuti wodwala apite ku Chipata kapena ku Lusaka, maso onse a pa mudzi amatembenukira kwa mnyamata kapena mtsikana amene anafika Giredi 12. Amakupatsani ndalama zomanga pa mfundo ya citenje, nkhuku yokazinga ya kamba wa pa ulendo, ndi udindo umene simunaupemphe.

Tsono ndifuna ndikuuzeniko za funso limodzi limene mudzakumana nalo kumeneko, ngati wodwala wanuyo adzafunika kujambulidwa m'kati mwa thupi ndi makina aja ochedwa CT. Ndi funso lalifupi, ndipo amalifunsa mofulumira, colembera cili kale pa pepala: "Kodi munthuyu anagwapo khunyu? Anakomokapo n'kumaphupha?" Yankho lake ndi inde kapena ai. Koma ine ndinaona banja lathu likugawika pakati cifukwa ca kayankho kameneko, ndipo mng'alu wake ukali kuoneka mpaka lero.

Tiyambe ndi cimene amafunsira. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira ku Germany mu 1895, imaonetsa bwino mafupa, cifukwa fupa ndi lolimba ndipo limatsekereza kuwala kwake. Koma ubongo ndi wofewa, ndiponso unabisala m'cigaza. Pa X-ray wamba suoneka kanthu. Mu 1971 ku London anajambula wodwala woyamba ndi makina atsopano amene anapanga Godfrey Hounsfield. Makinawa amazungulira mutu, najambula kucokera ku mbali zonse, ndipo kompyuta imasonkhanitsa zonsezo n'kutulutsa zithunzi zooneka ngati munthu wadula nkhaka m'timagawo topyapyala. Ndiyo CT imeneyo. Masamu ake anawalingaliranso Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg mu Africa wathu yemweyu, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979.

Ngakhale makinawa ndi ocenjera motero, pali zina zimene saona bwino paokha. Cotupa, cithupsa ca mafinya, kapena mtsempha wa magazi wosakhala bwino, zingathe kufanana maonekedwe ndi mnofu wozizungulira. Apa ndipo amabaya mankhwala oonetsa, amene a ku cipatala amati kontrasiti, ena amangoti dayi. Amaoneka ngati madzi a pa mjigo. M'kati mwake muli ayodini, yemwe uja timamva kuti amaika mu mcere, koma wokonzedwa mwa mtundu wina ndiponso wocuruka kwambiri. Ayodini amatsekereza X-ray monga licitira fupa, cotero paliponse pamene wafika pamayera mbee pa cithunzi. Amalowetsa pa mtsempha wa pa mkono, monga theka la kapu ya tiyi kapena kuceperapo. Munthu amamva kutentha kukuyenda thupi lonse, m'kamwa mumamveka ngati wanyambita ndalama yacitsulo, ndipo ambiri amayesa kuti adzikodzera pamene sanatero. Zimenezi zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Impso zimasefa mankhwalawo, ndipo pofika m'mawa mwake ambiri amakhala atatuluka ndi mkodzo. Ndico cifukwa cake amafuna kudziwa za impso, nafunsanso za mphumu, za matenda a shuga, za pathupi, ndiponso ngati munthuyo anatupapo kapena kutuluka zidzolo atalandira mankhwala otere.

Nanga nkhani ya khunyu ilowapo bwanji? Mvetsetsani apa, pakuti mutu wa nkhani uli pamenepa. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo tili ndi zipupa zothinana kuposa ta kwina konse m'thupi. Tili ngati mpanda wa dimba womangidwa bwino: madzi ndi mphepo zimapita, koma mbuzi imakhala kunja. Kontrasiti ndiye mbuziyo. Mwa munthu amene ubongo wake uli bwino, mankhwalawa amangodutsa m'mitsempha n'kupitirira. Koma pamene pali cotupa, kutupa, kapena kacirombo, mpanda umakhala utagumuka, ndipo mankhwala amadontha n'kulowa mu mnofu wa ubongo. Inu okonza njinga mudziwa mmene timapezera pobooka pa chubu: kupopa, kuviika m'madzi, n'kuona pamene patuluka thovu. Adotolo naonso afuna kuona pamene padontha, pakuti pamenepo ndipo pali nthenda. Koma taonani vuto lake. Ubongo umagwira nchito ndi timagetsi tating'onoting'ono, ndipo mankhwala akakhudza malo odwala kale angathe kuutsa timagetsito kuti tiyake tonse nthawi imodzi. Kugwa n'kuphupha ndi kumeneko. Cotero kudontha kumene kuonetsa nthenda ndi komweko kumene kungagwetse munthu. Walira mvula walira matope.

Musacite mantha opitirira: sizicitika kawirikawiri. Anthu ambirimbiri amabayidwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku pa dziko lonse n'kubwerera kwao ali bwinobwino. Amene afunika kuwayang'anira kwambiri ndi aja ali ndi cotupa mu ubongo, aja anagwapo kale, ndi aja impso zao sizisefa bwino. Kale zinali zoopsa kuposa lero. Pamene Egas Moniz wa ku Lisbon anayamba kuonetsa mitsempha ya mu ubongo pa X-ray mu 1927, mankhwala ake anali aukali, ndipo aukali anakhalabe kwa zaka zambiri. Odwala anali kukuwa ndi ululu powabaya. Dotolo wina wa ku Sweden, Torsten Almén, ndiye anakumbukira kuti posambira m'nyanja ya mcere wambiri maso amawawa, pamene m'madzi a mcere wocepa sawawa. Anati kapena mitsempha nayo ikuwawidwa cifukwa mankhwala akolera mopitirira, monga ndiwo zopsa mcere. Analemba ganizo limeneli mu 1969, ndipo kampani ya Nyegaard ku Norway inapanga metrizamide, mankhwala ofatsa oyamba a mtundu umenewu. Naonso anali kugwetsabe anthu ena akabayidwa pa msana, kufikira m'zaka za m'ma 1980 pamene kunabwera iohexol ndi anzake, amene akugwira nchito mpaka lero.

Ndachula za pa msana cifukwa pali kujambula kwina kumene mankhwala sadzera m'magazi, koma amawathira m'madzi amene azungulira fupa la msana ndi ubongo. Kumeneko kulibe mpanda uja n'komwe. Mbuzi mwailowetsa nokha m'dimba. Mankhwala oloredwa kumeneko ndi owerengeka, ndipo mabotolo a enawo analembedwa cenjezo lakuti asayerekeze kuwabaya pa msana, pakuti munthu angaphuphe kosalekeza ngakhale kufa kumene. Makina ena ochedwa MRI ali ndi kontrasiti waowao, wa gadolinium, amene anayamba kugwira nchito mu 1988, ndipo nayenso ali ndi cenjezo lomwelo.

Tsopano ndikuuzeni za msuweni wanga, mwana wa azakhali. Dzina lake ndilisunga. Tinakulira pamodzi, kutunga madzi pamodzi, ndi kunyozana mwa cisuweni monga ulili mwambo wathu. Mu 2018, ali ndi zaka 18, anagwa koyamba ali pa mtondo. Dzanja lamanzere linayamba kugwedezeka lokha, munsi unagwa, kenaka iye. Azakhali anamkokera m'nyumba anthu asanaone. Atagwa kacitatu anapita naye ku kiliniki ina yakutali, kudumpha yapafupi kumene anesi ake amatidziwa tonse ndi maina, ndipo kumeneko anampatsa timapiritsi ta phenobarbitone tomwa usiku. Anagulanso kabuku kena ka ku cipatala ka zimenezi zokha, n'kumakabisa pansi pa sutikesi. Cotero mtsikana mmodzi anali ndi mabuku awiri: lina la malungo ndi mutu, limene aliyense angaone, lina la nthenda yosachulidwa.

Musafulumire kuwaweruza azakhali. Mnyamata wina wa tsidya lija la Nsadzu anali atapereka cikole, ndipo ankhoswe anali atayamba kuyenderana. Inu mudziwa zimene anthu amanena m'midzimu: kuti khunyu ndi nthenda ya ku mtundu, kuti mkazi wotere sangabereke mwana kumbuyo kapena kusiyidwa yekha pa moto, kuti ukakhudza thovu lake nawenso udzayamba kugwa. Mai aliyense amene anamvapo zotere amamanga pakamwa.

Koma mutu sunaleke kupweteka, ndipo dzanja lija linayamba kucita dzanzi. Mu June 2019 inatuluka kalata yakuti akajambulidwe ku Lusaka. Inanena za mutu ndi dzanja zokha, pakuti buku limene adotolo anaona linali loyamba lija. Atate anga, amene ali malume wake ndi mwini mbumba, anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a soya, nandiitana. "Iwe ndiwe maso ndi pakamwa pa azakhali ako," anatero. "Ukamve zonse, ndipo ukanene zonse."

Tinagona pa siteshoni ku Chipata kudikira basi ya m'bandakuca, mphepo ya June ikulowa mpaka m'mafupa. Panali anthu ambiri, ndipo azakhali sanafune kutulutsa mapiritsi pamaso pao. Tinadutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, tinaoloka Luangwa, makilomita oposa 550, n'kufika madzulo kwa wacibale wina m'komboni. Ku cipatala anatiuza kuti asadye kanthu asanajambulidwe. Azakhali anati ngati nsima yaletsedwa ndiye kuti mapiritsi naonso aletsedwa. Usiku waciwiri unapita osamwa, ndipo tulo nato tinali tocepa.

M'mawa mwake tinakhala pa benci kudikira. Pambali pathu panali mai wina wolankhula Cicewa ca kwathu, amene anali atatifunsa kale kuti ndife a kwa mfumu iti, a kwa Mlolo kapena a kwa Zingalume. Wojambula anatuluka ndi pepala lake, naima pafupi ndi benci yomweyo.

"Amai, kodi mwanayu anagwapo khunyu?"

Azakhali anaponya diso kwa mai uja. "Ai, bambo. Ndi mutu cabe."

Mtima wanga unagunda ngati ng'oma ya gule. Ndinaleredwa kuti mkulu akayankha mwana satsutsa, makamaka pamaso pa alendo, ndipo azakhali kwa ine ndi atate aakazi. Koma nanga atate ananditumira ciani? Ndinalankhula m'Cizungu, motsitsa mau, kuti amagwa, kuti wagwa koposa kasanu, kuti amamwa mapiritsi ndipo usiku uwiri sanamwe. Wojambula uja anaika colembera m'thumba. "Tilowe m'katimu," anatero. "Buku la mapiritsiwo lili kuti, amai?" Pamenepo azakhali anadziwa cimene ndacita.

Taonani zimene zinasintha cifukwa ca inde ameneyo. Anaitana adotolo. Anampatsa msuweni wanga mankhwala ake a khunyu ndi timadzi pang'ono, natidikiritsa. Anayamba kujambula opanda kontrasiti, kuti aone ngati angafunike n'komwe. Pa zithunzi panaoneka timadontho toyera ndi malo ena otupa ku mbali ya kumanja kwa ubongo, imene imalamulira dzanja lamanzere. Adotolo anati kuti adziwe ngati ndi cotupa kapena cina, kontrasiti afunika ndithu, ndipo anatifotokozera za ngozi yake tisanavomere. Anesi anaima pafupi ndi jekeseni wa diazepam ndi botolo la mpweya. Atatha kujambula sanacotse kapulasitiki kaja amasiya mu mtsempha wa pa mkono, ndipo m'malo motibweza pa benci anamgoneka pa kabedi ka zitsulo m'mbali.

Panapita mphindi ngati 10. Dzanja lamanzere linayamba, monga pa mtondo paja, kenaka thupi lonse linauma n'kuyamba kuphupha. Anamtembenuzira cam'mbali, namuika mpweya pa mphuno, wina akuyang'ana wochi. Mphindi 5 zitakwana asanaleke, anesi analowetsa diazepam pa kapulasitiki kaja, ndipo posacedwa thupi linafewa, nagona tulo. Tinakhala m'wodi masiku awiri. Ndimaganiza kawirikawiri za kumene tikanakhala pa mphindi 10 zimenezo yankho likanakhala ai: mwina pa masitepe a simenti, mwina pakati pa mseu kufuna minibasi.

Usiku umenewo, titayala zitenje pansi pafupi ndi bedi, azakhali analankhula osandiyang'ana. "Iwe mwana wa mlongo wanga, wandivula pagulu. Ndipo taona, mwana analowa akuyenda yekha, mankhwala ao ndiwo amugwetsa."

"Azakhali, pepani," ndinatero, "koma akanapanda kudziwa sakanakonzeka."

Sanayankhe, ndipo sanandilankhulenso mpaka tinaoloka Luangwa pobwerera.

Kunena zoona, pa mau ao aciwiri aja azakhali sananame kotheratu. Adotolo eni ake anawauza m'mawa mwake kuti: "Amai, zinthu zitatu zinakumana dzulo. Mapiritsi anadumphidwa, mwana sanagone bwino, ndipo mankhwala athu anafika pamalo potupa kale. Ciliconse mwa izi cingathe kugwetsa munthu wodwala nthenda imeneyi." Ine ndinakondwera kuti sanabise mbali yao. Cimene sindigwirizana naco ndi nkhani imene inatitsogolera kufika ku mudzi, yakuti makina a ku Lusaka amayamwa magazi ndipo amalowetsa ziwanda mwa ana. Pali anthu awiri amene ndiwadziwa amene anabweza makalata ao m'sutikesi atamva zimenezi. Kontrasiti sapatsa munthu nthenda ya khunyu. Angathe kuutsa kugwa kamodzi, makamaka pamene panali kale bala, ndipo akatuluka m'thupi nchito yake yatha. Ndiponso akakuuzani kuti wodwala asadye, funsani msanga za mapiritsi ake. A khunyu sadumphidwa popanda mau a adotolo. Safunsa anadya phula.

Nanga zithunzi zinaonetsa ciani? Pamalo potupa paja kontrasiti anajambula kamphete koyera kozungulira kathumba kakang'ono ngati nsawawa. Sicinali cotupa ca khansa. Anali mwana wa njoka ya m'mimba ya nkhumba, imene ophunzira amati Taenia solium. Inu nonse munaonapo nyama ya nkhumba yokhala ndi timatumba toyera tonga mpunga, timene timati masese. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi, yotalika mamita awiri kapena kuposa. Mazira ake amatuluka munthuyo akadzithandiza. Ngati wapita ku thengo, nkhumba zoyenda zokha zimadya, ndipo masese amabwerera m'nyama. Koma mazira omwewo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi, kapena m'ndiwo zosatsuka, amaswa n'kuyenda ndi magazi, ndipo ena amakamanga timatumba tao mu ubongo.

Azakhali anatsutsa: "Koma mwanayu nkhumba sadya, imamnyansa." Adotolo anati zimenezo sizithandiza. Kuti masese alowe mu ubongo sipafunika kudya nyama. Pafunika cabe kukhala pafupi ndi munthu wa njoka m'mimba, pa mudzi wopanda zimbudzi zokwanira. Ndipo pa zimbudzi tisanamizane, anzanga. Zilipo nyumba zimene cimbudzi cinakumbidwa bwinobwino, koma abambo amapitabe ku thengo kuopa kukumana ndi apongozi pa khomo pake.

Nthendayi si yacilendo kuno kum'mawa. Bungwe la World Health Organization limanena kuti m'madera amene nkhumba zimayenda zokha pakati pa anthu, njoka imeneyi imabweretsa pafupifupi 30 mwa 100 alionse a matenda a khunyu. Mu 2015, Kabemba Mwape wa pa University of Zambia ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atajambula ndi CT anthu odwala khunyu a m'dera lina la ku Katete, oyandikana nafe, ndipo anaona kuti njokayi ndiyo inali kutsogola pa zoyambitsa nthendayi kumeneko. Taganizani: anthu angati amene tinawanena kuti analodzedwa, kapena kuti makolo ao anakhwimira cuma, pamene nkhani yonse inali nkhumba ndi cimbudzi?

Kuciza kwake kufuna kusamala, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kathumba kakamafa, ubongo wozungulira umatupa, ndipo munthu angagwe kwambiri kuposa kale. Ndiye msuweni wanga anampatsa albendazole wopha kacirombo pamodzi ndi mankhwala ena oletsa kutupa, ndipo mapiritsi a khunyu anapitiriza osadumpha. Musayese kugula mankhwala a njoka pa kantemba n'kumwetsa munthu amene amagwa. Bungwe lomwe lija limati anthu okwana 50 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwa atalandira mankhwala oyenera. Si nthenda yobisa pansi pa sutikesi. Paja akulu anati mwabisa matenda, maliro tidzamva.

Popeza ambiri a inu mumakumana m'magulu, pa kwaya ndi pa misasa, ndinenekonso ici. Mnzanu akagwa pakati panu, ena amathawa, ena amamzungulira n'kuyamba kufuula. Kupemphera sikuletsa manja kugwira nchito. Mcotseni pafupi ndi moto, madzi kapena miyala. Ikani citenje copinda pansi pa mutu, masulani kolala, ndipo mumtembenuzire cam'mbali kuti malovu atuluke. Musamuike supuni kapena kamtengo m'kamwa. Lilime silimezeka, koma mano amathyoka. Musampanikize, musamthire madzi, musammwetse kanthu asanatsitsimuke bwino. Wina ayang'ane nthawi, ndipo zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanadzuke, thamangani naye ku cipatala. Thovu lake silipatsira munthu nthenda. Ine ndinalipukuta ndi dzanja langali, ndipo ndili pano ndikukulemberani.

Za ukwati uja mufuna kumva, ndidziwa. Titabwerera, atate anavala jekete lao napita okha kwa ankhoswe a kucimuna. Anawauza zonse, nawaonetsa ngakhale pepala la adotolo, kuti nthendayi ili ndi dzina, ili ndi mankhwala, ndipo si ya ku mtundu. Anthu aja anamvetsera mwaulemu, nati adzabwera akatha kugulitsa thonje. Thonje linagulidwa, lina linabzalidwa, linagulidwanso. Sanabwere. Azakhali amandilandira ndikapita kwao, amandiphikira nkhwani wotendera monga kale, koma nkhani ya ku Lusaka ikangoyandikira amanyamuka kukaona mbuzi. Iwo amawerenga mkamwini amene anataya. Ine ndimawerenga masitepe a simenti aja. Sitinagwirizanebe.

Patapita miyezi 6 tinabwerera kukajambulitsa kaciwiri, ulendo uno awiriwiri. Tinafika masiku awiri nthawi isanakwane kuti agone mokwanira, ndipo mapiritsi anamwa usiku uliwonse, ngakhale pa siteshoni, anthu akuona. Wojambula atatuluka ndi pepala lake, msuweni wanga sanadikire kuti ndimlankhulire. Anaika mabuku onse awiri pa tebulo, nanena yekha kuti anagwa ulendo watha atabayidwa dayi. Anakonzekanso monga poyamba, anesi ndi jekeseni wao ali ciriri, koma sipanacitike kanthu. Kamphete kaja kanali katazimirira, patatsala kadontho kouma.

Kuyambira mu 2021 sanagwenso. Amagulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa pa boma, ndipo ndikamadutsa amandikuwira anthu onse akumva: "Asuweni, mwamuna wanga uja munamthamangitsa ndi Cizungu canu. Mundipezere wina, koma akhale wokumba cimbudzi!"